Ka amp ka Bluetooth ka mahedifoni, kangandithandize pa foni yopanda kabowo?

mphunzitsi_wa_kwaya

Moni nonse abale. Funso ndili nalo koma ndiyambe ndafotokoza kaye kuti mundimvetse bwino. Ine ndimaphunzitsa kwaya kutchalitchi kwathu ku Chirimba, nde ntchito yanga yambiri mkati mwa sabata ndi kumvetsera zimene tajambula pa prakatisi, kuti ndimve pamene alto yalowa mochedwa, pamene tena yatsika pang'ono osadziwa, zimenezo. Mlamu wanga amagwira ntchito mu studio ku Joni, atabwera pa Khirisimasi anandisiyira mahedifoni ake akale, Beyerdynamic DT 770 Pro, pa chikutu pake palembedwa 250 ohm, chingwe chake ndi chopiringizika chija ngati cha telefoni za mu ofesi zakale, cholemera ndithu. Tsiku limene anandiyesetsa pa kabokosi kake ka pa laptop ndinakhala chete kwa nthawi yaitali, ndinamva mpaka mpweya umene amayi a soprano amakoka asanayambe mzere, chinthu chimene zaka zonsezi sindinachimvepo pa recording.

Mlamu atapita ndi kabokosi kake mpamene mavuto anayamba. Foni yanga ndi Samsung A54, ilibe kabowo ka ma earphone, nde ndinagula ka adapter ka USB-C mu Limbe. Sawundi ikutuluka inde koma yochepa kwambiri, voliyumu ndafikitsa kumapeto koma mu minibus sindimva kanthu, a besi akumveka ngati akuimbira kuseri kwa khoma. Chinanso, patangotha masabata atatu ka adapter kaja kanathyoka pakhosi chifukwa chingwe cholemera chija chimakakoka, pano ndili pa kachiwiri ndipo ndayamba kuopa kuti ndiononga pochajira pa foni, poti malo ake ndi amodzi omwewo.

Mlamu pa WhatsApp wandiuza kuti ndipeze ka amp ka Bluetooth, akuti ndi kabokosi kakang'ono ngati ka machesi, mahedifoni umalumikiza pamenepo foni nkukhala m'thumba. Koma ine chikundizunguza nchakuti anthu amati Bluetooth imaononga sawundi, nde ndingagule bwanji chinthu chodula kuti chikonze sawundi pomwe chikudutsira njira yoononga? Ndipo kodi kabokosi kochepa choncho kangakankhe mahedifoni akuluakulu amenewa? Ndalama yake si yamasewera kwa ine, sindikufuna kugula kawiri. Amene munagwiritsapo ntchito chonde ndithandizeni.

wa_ma_cable_Joni

Aphunzitsi moni. Mlamu wanu wakupatsani chinthu chabwino, amenewo kuno ali pafupifupi mu studio iliyonse imene ndalowamo, ndipo alibe vuto lililonse, akungosowa chakudya basi. 250 ohm ija ikutanthauza kuti amakana magetsi kwambiri kuyerekeza ndi ma earphone wamba amene amakhala 16 kapena 32 ohm, nde kuti alire mokweza amafuna voltage yochulukirapo, pomwe tima adapter tambiri ta mumsika timatulutsa volt imodzi, tina theka lokha. Tiwerengere limodzi muone. Volt imodzi pa 250 ohm ndi ma milliwatt 4, theka la volt ndi milliwatt imodzi yokha. Pa nyimbo za mu studio zimene anazikweza kale mpaka kumapeto zimenezi zimatha kukwana ukakhala pa malo a phee, koma recording ya kwaya yojambula ndi foni imakhala yotsika kale, nde inu mukufika kumapeto kwa voliyumu nyimbo isanadzuke nkomwe. Ka amp kotulutsa ma volt 2 kamapereka ma milliwatt 16, kutanthauza ma dB 6 (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu) pamwamba pa ka volt imodzi ndi 12 pamwamba pa ka theka kaja, ndipo 12 ameneyo ku khutu ndi kuposa kuwirikiza kawiri. Nkhani ya kukula kwa kabokosi musadandaule nayo, kali ndi batire yakeyake mkati, sikadalira foni.

Mmene zimayendera ndi chonchi, foni imatumiza nyimbo ili manambala, kabokosi kamalandira, mkati muli DAC imene imasandutsa manambala aja kukhala mawu, kenako amp nkukankha mahedifoni. Pamene anthu amati Bluetooth imaononga ndi pa ulendo wa pakati pa foni ndi kabokosi, chifukwa nyimbo imayenera kupanikizidwa kuti idutse, ndipo chopanikizacho ndi chimene amati codec. SBC ndi imene ili pa chipangizo chilichonse, imafika cha m'ma 328 kbps (kbps ndi kuchuluka kwa data imene ikudutsa pa second). Pali AAC, pali aptX, kenako LDAC ya Sony imene ili ndi masitepe atatu, 330, 660 ndi 990 kbps, ndipo inalowa mu Android kuyambira pa version 8 mu 2017, nde foni yanu ili nayo. Mbiri yoipa ya Bluetooth inachokera ku tima speaker ndi ma earphone otchipa a kale, pa LDAC 660 ine ndayesapo kangapo kusinthanitsa ndi waya maso nditatseka ndipo sindinathe kunena motsimikiza kuti iyi ndi iti.

Ine ndimayenda ndi Qudelix 5K, ya ku Korea, inatuluka 2020. Inanso imene anthu ambiri ali nayo ndi FiiO BTR5 ya 2019. Zonse ziwiri zinkagulitsidwa cha m'ma dollar 110 zikutuluka kumene, zonse zili ndi LDAC, zili ndi mabowo awiri, la 3.5mm ndi la 2.5mm limene amati balanced. Qudelix imatulutsa ma volt 2 pa 3.5mm ndi 4 pa balanced, koma za balanced inu ziiwaleni, chingwe cha DT 770 Pro sichichoka ndipo pulagi yake ndi wamba, yanu ndi 3.5mm basi ndipo ikukwanirani. Chimene ndimaikondera kwambiri ndi EQ ya mu app yake, yokwezera kapena kutsitsira mawu a besi, apakati ndi a m'mwamba paokhapaokha, mahedifoni anuwo amatulutsa kwambiri mawu akuthwa a m'mwamba, ma "s" a soprano amatha kubaya khutu ukamvetsera nthawi yaitali, nde umangotsitsa pang'ono pamenepo nkusunga mu kabokosi momwemo.

Mukagula, mukalumikiza, dinani ka giya kali pambali pa dzina lake mu Bluetooth muyatse LDAC. Kuti muone zimene zikuchitikadi pitani ku About phone, Software information, dinani Build number ka 7, mutsegula Developer options, mmenemo muli Bluetooth audio codec. Langizo langa musakakamire 990. Bluetooth imayenda pa 2.4 GHz limodzi ndi WiFi ndi mafoni a anthu ena onse, ine ndikadutsa pa Park Station, siteshoni yaikulu ya kuno ku Joni, pa 990 nyimbo imadukaduka, pa 660 bhobho. Komanso thupi la munthu limatchinga signal, foni ikakhala m'thumba la kumbuyo kabokosi kali pa kolala mumva kudumpha, ziikeni mbali imodzi kutsogolo.

nesi_usiku_Leeds

Aphunzitsi ine ndingowonjezera zimene achimwene a ku Joni sanakhudze, poti nanenso ndinakulira mu kwaya ndipo ndikudziwa mmene mumagwirira ntchito. Ndikukhulupirira muli ndi ka app ka piano pa foni kopatsira anthu key eti? Pamenepo Bluetooth ikukhumudwitsani. Pamakhala kuchedwa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a second, nde mukadina kiyi mawu amabwera chala chitachoka kale, kuyesa kuimba mzere wonse wa alto choncho nzosatheka, mutu umasokonekera. Pa YouTube simungazindikire chifukwa app imachedwetsa chithunzi kuti zifanane ndi mawu, pomvetsera recording palibenso vuto, koma pa piano ndi pamene pamaonekera. Mwayi wake timabokosi timeneti timagwiranso ndi chingwe cha USB, nde ine ndikafuna piano ndimalumikiza ndi chingwe kunyumba nditakhala pansi, pa bus ndi Bluetooth.

Ine ndili pa iPhone, ndipo kwa ena amene akuwerenga, iPhone ilibe LDAC ilibe aptX, ndi AAC ndi SBC basi, nde musalipire ndalama zambiri chifukwa cha LDAC ngati foni yanu ndi imeneyi. Chilungamo chake AAC yomweyo ine imandikwanira, chimene chinasintha zinthu kwa ine ndi mphamvu ija osati codec.

Foni ikalira kabokosi kali ndi mic yake mutha kuyankha, bola kakhale pafupi ndi pakamwa, koma sawundi imatsika nthawi ya call, musadabwe kuti chaonongeka, nyimbo ikabwerera zimabwerera mwakale.

Tsopano ili ndi limene ndalembera kwenikweni. Mukupita kukagula chinthu chimene chitha kukweza mahedifoni amenewo kudutsa 100 dB, ndipo makutu anu ndi amene kwaya yonse ikudalira. A WHO amati munthu wamkulu pa 80 dB atha kumvetsera maola 40 pa sabata, ndipo ukangokweza ndi ma dB 3 nthawi ija imadulidwa pakati, nde onani mmene imathera msanga. Choopsa ndi mu minibus momwemo, injini ikulira, wailesi ya adalaivala ili pamwamba, kondakitala akuitanira, iwe umangokweza osazindikira kuti wafika pati. Chinanso chimene chimachitika, mwakweza kwambiri chifukwa recording ya kwaya ndi yotsika, kenako ikutha foni nkudumphira pa nyimbo ya mu studio kapena message nkulowa, phokoso lake limabwera lonse kamodzi m'khutu. Zolowerani kutsitsa musanasinthe nyimbo. Makutu akayamba kulira okha kuti tsiii mukavula mahedifoni, imeneyo ndi alamu, ndipo timaselo ta mkati mwa khutu tikafa sitimeranso. Chabwino nchakuti DT 770 ndi yotseka kumbuyo, imatchinga phokoso lina la kunja, nde ma pad, tima khushoni togunda pa makutu tija, akakhala abwino simufunika kukweza kwambiri. Ngati ma pad aja anaphwatalala ndi ukalamba asintheni, amagulitsidwa paokha.

mphunzitsi_wa_kwaya

Zikomo kwambiri nonse awiri, ndawerenga kawiri kawiri. Achemwali mwalasa, ka piano ndimagwiritsa ntchito tsiku lililonse ndipo sindikanaganizira zimenezo. Za makutu ndamva ndipo ndazisunga, kulira kumene mukunenako kunandichitikirapo kamodzi titachoka ku festival nditaima pafupi ndi speaker tsiku lonse.

Funso lina, dollar 110 ndi mmene forex ikuvutiramu ndi phiri. Ndaona pa magulu a Facebook ogulitsa katundu anthu akutsatsa timabokosi tofanana, ena akuti second hand, ena atsopano otchipa kwambiri olembedwa HiFi LDAC pa paketi. Amenewa bwanji? Ndipo mwina ndinene, ma recording ambiri amajambula ndi mlembi wa kwaya pa foni yake nkunditumizira pa WhatsApp, kaya zimenezi zili ndi kanthu.

okonza_mafoni_LL

Akulu, mzere wanu womalizawo ndi umene unafunika kukhala woyamba. Ngati mlembi akujambula podina ka mic ka WhatsApp kaja, ndiye kuti nyimbo yaonongekera pomwepo isanafike nkomwe kwa inu. Voice note inapangidwira kulankhula, imapanikizidwa kwambiri kuti isadye bandulo, mawu anayi a kwaya amangowunjikana pamodzi ngati nsima ya mitanda. Amp sibweza zimene zinatayika, ingokukwezerani zoonongeka zomwezo kuti muzimve bwino kuonongeka kwake. Muuzeni ajambule ndi Voice Recorder ya foni, ayike pa quality yapamwamba, potumiza asankhe Document, choncho file imafika mmene ilili. Data idya yochulukirapo inde, kapena muzingopatsana pa Bluetooth kapena Quick Share pomwepo mukamaweruka. Ndipo foni isakhale pa benchi, matabwa amanjenjemera anthu akamaponda, ikhale m'mwamba pang'ono kutsogolo kwa kwaya chapakati, osati pafupi ndi ng'oma. Izi nzaulere ndipo muona kusintha sabata yomweyi.

Za timabokosi totchipa tija, tambiri timene timafika pa tebulo langa ndi ma receiver opangira wailesi ya galimoto kapena speaker ya kunyumba, ntchito yake ndi kupereka signal ku chinthu chimene chili kale ndi amp, osati kukankha 250 ohm. Mukagula kameneko mubwerera pomwe muli pano. Zolemba pa paketi musazikhulupirire, printer siikana mawu. Njira yake ndi yomwe akuuzani achimwene aja, lumikizani pomwepo pamaso pa wogulitsa, tsegulani Developer options muone codec imene yagwira, ngati yakakamira pa SBC ndipo LDAC siikusankhika mwadziwa. Ndipo pitani ndi mahedifoni anu omwewo ndi recording yanu yotsikitsitsa, osayesera ma earphone a wogulitsa. Akakana kuti muyese musapereke ndalama.

Second hand yeniyeni ilibe vuto koma chimene chimafa ndi batire. Batire yake ndi yaing'ono, ya BTR5 ndi 550 mAh ndipo ili yatsopano amati maola 9, nde ya zaka zitatu mukudziwa kale, makamaka pa LDAC ndi mahedifoni ofuna mphamvu ngati anuwo. Kayang'aneni cham'mbali, ngati chivundikiro chatukuka kapena pali mpata pamene zidutswa zimakumana, batire yatupa, kasiyeni. Gwedezani pulagi ili mkati nyimbo ikulira mumve ngati khutu limodzi likuduka. Magetsi akathima powerbank imakachaja bwinobwino, kamadya pang'ono poyerekeza ndi foni.

Chenjezo limodzi lalikulu. Munthu wina anandibweretsera kake katafa mbali imodzi, anamva kuti bowo la 2.5mm lili ndi mphamvu zambiri nde anagula ka adapter kosintha pulagi wamba ya 3.5mm kuti ilowe mmenemo. Pa balanced khutu lililonse lili ndi mawaya ake awiri, pomwe pulagi wamba makutu onse amagawana waya umodzi wobwerera, nde ka adapter kaja kamagundanitsa mbali ziwiri za amp zimene siziyenera kukumana. Nditatsegula ka chip kanali ndi kadontho kakuda pamwamba, fungo la kupsa likumvekabe, ndipo sindinathe kukadzutsa. Wina akadzakuuzani kuti pali ka adapter kotere mukaneni.

Pomaliza ndisiyane pang'ono ndi achimwene a ku Joni. Ngati vuto ndi mphamvu yokha, pali ma dongle a USB-C abwino, tima adapter ngati kanu komweko koma tamphamvu, otulutsa ma volt 2 omwewo pa mtengo wotsika kwambiri kuposa wa Bluetooth, alibe batire yoti idzatupe, alibe kuchedwa pa piano. Munthu wa ndalama zochepa ine ndimamulozera kumeneko kaye.

wa_ma_cable_Joni

Bwana okonza mafoni zonse mwanena nzoona, za voice note ndinaziphonya ndipo ndi zofunika kuposa masamu anga onse aja. Pa dongle pokha ndikanavomera akanakhala ma earphone opepuka, koma chingwe cha DT 770 ya 250 ohm chikatambasuka ndi mamita atatu ndipo chimakoka ngati sipuling'i, athyola kale kamodzi, ndiye taganizani mu minibus anthu anayi pa mpando wina akutsika nkukola chingwe ndi chikwama, mphamvu yonse ikupita pa port ya foni, pochajira paja. Inuyo mukudziwa kuposa ine mtengo wosintha port. Pa Bluetooth chikakoka chikoka kabokosi, foni ili phee m'thumba la mkati, komanso sukuitulutsatulutsa pa depot poti ma batani a voliyumu ndi odumphira nyimbo ali pa kabokosi. Aphunzitsi mukadzagula, chingwecho muzichipinda nkuchimanga ndi ka labala, muchikanikize pa malaya ndi ka clip kuti kulemera kwake kusakhale pa pulagi.

okonza_mafoni_LL

Pa port mwandipeza, sabata ino yokha ndasintha angapo ndipo ambiri ndi kukoka komweko. Ngati amamvetsera kwambiri pa msewu ndiye Bluetooth, ngati ndi pa tebulo kunyumba dongle. Asankhe okha poti akudziwa pamene amakhala nthawi yambiri.

mphunzitsi_wa_kwaya

Abale ndabweranso patatha sabata ndi theka kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Ndinayamba ndi zaulere zija. Loweruka mlembi anajambula ndi Voice Recorder, foni tinaiika pa stand ya mic kutsogolo chapakati, ananditumizira ngati Document. Ngakhale pa ka adapter kanga komweka kusiyana kunaoneka, mawu anayi aja anayamba kupatukana, kungoti voliyumu inali yochepabe.

Kenako mnyamata wina wa keyboard ku mpingo woyandikana nafe anapezeka kuti ali ndi BTR5, anandibwereka masiku awiri. Ndinapanga zonse mmene munanenera, ka giya, LDAC, Build number ka 7, ndinaika pa 660. Lolemba m'mawa ndinakwera minibus pa Chirimba kupita mtauni, kabokosi pa thumba la shati, foni m'thumba la kutsogolo la thalauza, chingwe nditamanga ndi labala wa ndalama. Njira yonse kanaduka kamodzi kokha, pamene ndinawerama kuti mayi wina adutse ndi dengu. Voliyumu sindinafike nayo kumapeto, ndipo achemwali ndinakumbukira, ndinkatsitsa kaye nyimbo isanathe. Pa nyimbo yathu ya Pasaka pali malo amene miyezi iwiri ndakhala ndikudzudzula a alto kuti akutsika, ndipo anandipirira osayankha. Mu minibus muja ndinabwereza malowo kanayi, a alto ali bwinobwino, ndi a tena awiri amene akulowa mu mzere wa alto pa liwu lachitatu nkuwakokera pansi. Lachitatu pa prakatisi ndinapepesa kwa amayi aja pamaso pa kwaya yonse, tinawaimitsa a tena paokha ndipo malowo anakonzeka mu mphindi khumi.

Piano ndinayesa pa Bluetooth, kuchedwa kulipodi, pa chingwe cha USB kunatha.

Nde ndaganiza zogula ka Bluetooth poti nthawi yanga yambiri yomvetsera ndi pa msewu. Ndalankhula ndi mlamu, agula komweko ku shop yoti ili ndi warranty, ine ndizimubwezera pang'onopang'ono, atumiza ndi munthu wa pa bus amene akubwera kumapeto kwa mwezi, pamodzi ndi ma pad atsopano chifukwa anga nditawayang'anitsitsa aphwatalaladi. Achimwene a ku Joni, kakafika ndidzakufunsani manambala a EQ amene mumatsitsira ma "s" aja.